Soja wa Amphawi: Moyo, Nyimbo ndi Ngongole ya Lucius Banda

Nkhani yophunzitsa imene idakambidwa kwa oimba achinyamata ndi anthu a ku Senga Bay, m'boma la Salima

 

Mudandipempha kuti ndikambe za woimba wotchuka: moyo wake, ntchito yake ndi zimene adasiyira anthu. Ndikadatha kutenga Michael Jackson wa ku America, amene chimbale chake cha Thriller, chotuluka mu 1982, chidagulidwa kuposa chimbale china chilichonse padziko lapansi. Ndikadathanso kutenga Madonna, amene ife Amalawi timamudziwa chifukwa cha ana anayi amene adatenga kuno ndiponso chipatala cha ana cha Mercy James chimene chidatsegulidwa ku Queens mu 2017. Koma tili pa Senga Bay, ndipo pa mchenga uno pali munthu amene sitingamulumphe. Ndikunena malemu a Lucius Chicco Banda, amene Malawi yense adawatcha Soja, soja wa amphawi.

Wina afunsa kuti kodi a Lucius adatchuka padziko lonse? Mukadaimitsa munthu pamsewu ku London kapena ku New York, mwina sakadawadziwa. Koma paliponse pamene pali woyankhula Chichewa padali nyimbo zawo: m'maminibasi a ku Blantyre, m'mashabini a ku Chipata, m'misika ya ku Tete, m'tizipinda ta anyamata athu ogwira ntchito ku Joni ndi ku Cape Town. Dziko limenelo adalizungulira lonse, ndipo lidawamvera zaka 30.

Mfundo imene ndabwera nayo ndi imodzi: kutchuka ndi ngongole. Anthu amakubwereka makutu awo, amakupatsa kandalama kamene akadagulira ndiwo, amakukhulupirira kuti ukaima pansanja unena zimene iwo sangathe kunena. Zimenezi sapereka ulere. Mbiri ya a Lucius ndi ya munthu amene adadziwa kuti ali ndi ngongole yotere. Gawo lalikulu adabweza, nthawi zina adachedwetsa, ndipo mwa zimene adabwezazo, zina adabwezera pa gombe lino.

Mwana wa pa mishoni ya Balaka

A Lucius adabadwa pa 17 Ogasiti 1970 m'mudzi mwa Sosola ku Balaka. Masiku amenewo Balaka idali isadakhale boma palokha. Idali mbali ya Machinga, katauni ka njanji ndi thonje, kotentha ndi kafumbi. Chimene chinkakoka achinyamata pamalopo ndi mishoni ya Akatolika ya ansembe a chipani cha Montfort. Mu 1978, mothandizidwa ndi wansembe wochokera ku Italy, Bambo Mario Pacifici, padabadwa Alleluya Band. Amene adaitsogolera ndi kuipatsa kamvekedwe kake ndi a Paul Banda, achimwene awo a Lucius.

Choncho mnyamatayu adakulira pakhomo pamene nyimbo idali ntchito ya tsiku ndi tsiku. Adayamba kuimba mu 1983 ali ndi zaka 13, ndipo mu 1985 adakwera pansanja koyamba ndi Alleluya Band. Inu achinyamata, werengani zakazo bwino. Kuchokera pamene adayamba kuimba kufikira pamene chimbale chawo choyamba chidamveka m'dziko padapita zaka pafupifupi khumi. Nthawi yonseyo adali kumbuyo kwa achimwene awo, kuphunzira mmene mawu a kwaya amalukanirana, pamene kiyibodi imalowera, ndi nyimbo imene umadzutsira anthu akafooka pa dansi. Lero mnyamata amajambula nyimbo Lolemba, pofika Lachisanu wayamba kudandaula kuti mawailesi akumuchitira nsanje. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tikumbukenso dziko limene ankaimbamo. Wailesi idali imodzi yokha, MBC. Wailesi yakanema kudalibe mpaka 1999. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika nyimbo, mabuku ndi mafilimu, ndipo woimba aliyense ankadziwa malire ake: imba za Mulungu, imba za chikondi, langiza ana, tamanda Ngwazi, basi. Munthu ankatha kugona m'chitokosi chifukwa cha nthabwala ya pa bawo.

Mphepo idayamba kutembenukira kwawo komweko. Pa 8 Malichi 1992, m'matchalitchi a Akatolika m'dziko lonse mudawerengedwa kalata ya maepiskopi yodzudzula ulamuliro wa chipani chimodzi. Kalatayo idasindikizidwa ku Balaka, pa makina a ansembe a Montfort, ndipo posakhalitsa malo osindikizirawo adatenthedwa. Zimenezi zidachitika kwawo kwa mnyamata wa zaka 21 amene mawu ake adali atayamba kudziwika. Pa 14 Juni 1993 Amalawi adaponya voti pa riferendamu, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha zipani zambiri. Pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi adagonjetsa Dr. Hastings Kamuzu Banda.

Nyimbo imene idatsegula pakamwa pa anthu

M'nyengo yomweyi a Lucius adapita ku South Africa kukajambula chimbale chawo choyamba, Son of a Poor Man. M'menemo mudali nyimbo ya "Mabala", yokamba za zipsera zimene ulamuliro wakale udasiya mwa anthu. Kuti timvetse chifukwa chimene nyimboyi idalowera m'mitima, tiyang'ane zimene dziko lidachita ndi zimene silidachite. Anzathu a ku South Africa, tsankho litatha, adakhazikitsa bungwe loti ozunzidwa ndi ozunza akanene poyera zimene zidachitika. Ife tidali ndi bwalo lopereka chipepeso, ndi mlandu wa imfa za nduna zitatu ndi phungu mmodzi ku Mwanza, umene udatha mu Disembala 1995 oimbidwa mlandu atapezeka osalakwa. Koma mayi amene mwamuna wake adakhala zaka ku Mikuyu osaonekera kubwalo, bambo amene adalandidwa sitolo, mlimi amene adabwezedwa pachipata cha msika chifukwa chosowa khadi la chipani, palibe amene adakhala nawo pansi kuwafunsa kuti zidawapweteka pati. Kaseti ndiyo idawafunsa. Munthu ankaiika m'wailesi ya mabatire, ana ali pomwepo, ndipo nkhani imene banja lidaibisa zaka makumi awiri inkatuluka yokha.

Apa ndi pamene ngongole idayambira. Anthu adamva mnyamata wa kwa Sosola akunena zawo, ndipo adamupatsa udindo umene palibe chisankho chimene chikadamupatsa.

Chifukwa chiyani adasankha rege? Rege idafika kuno itasenza kale mbiri yomenyera ufulu. Bob Marley adaimba pa bwalo la Rufaro ku Harare mu Epulo 1980, pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe. Lucky Dube adaonetsa kuti Mwafirika angathe kuitenga nyimbo ya ku Jamaica n'kuyankhulira mavuto a kwawo. Anyamata a ku Balaka adaitenga n'kuibatiza pa mishoni. Adaifewetsa, adaika kiyibodi patsogolo, adaikamo mawu olukana a kwaya ya m'tchalitchi, ndipo adaiyendetsa mwa liwiro loti gogo ndi mdzukulu avinire pamodzi. Ndiyo anthu adaitcha rege ya ku Balaka, ndipo m'zaka za m'ma 1990 idali paliponse, pa ukwati, pa sitolo, m'basi yopita kumudzi.

Zimbale zidatsatana pafupifupi chaka ndi chaka: Down Babylon, Cease Fire, Take Over, Yahweh. Maina adali a Chingerezi, koma nyimbo zimene anthu adazigwira pamtima zidali za Chichewa cha pamsika, chosavala tayi. Ndipo chimene chidalimbitsa dzina la Soja n'chakuti sadaleke kudzudzula boma lakale litagwa. Katangale, umbava, kukwera mtengo kwa zinthu, atsogoleri olemera msanga pakati pa anthu ogona ndi njala, zonsezi zidalowa m'nyimbo ufulu uli wakhanda. Kudzudzula boma limene lagwa kale aliyense angathe. Anthu adaona kuti mnyamatayu akuloza chala ngakhale amene adali pampando nthawi imeneyo.

Zembani, ndi mmene ndalama ya nyimbo inkayendera

Inu amene mukufuna kudya za nyimbo, mvetserani gawo ili. M'masiku a makaseti, woimba ankajambula nyimbo zake, ambiri pa situdiyo ya a Paul Banda ku Balaka, kenako n'kupita nazo kwa wogulitsa, makamaka kwa O.G. Issa ku Limbe, amene ankachulukitsa makaseti n'kuwamwaza m'dziko lonse. Bungwe la COSOMA, limene lidayamba ntchito mu 1992, linkayesetsa kuteteza umwini wa nyimbo ndi kutolera ndalama za oimba. Njirayi idali ndi madandaulo ake, koma munthu wogulitsa kwambiri ankaona phindu. Kenako kudabwera ma CD ndi makompyuta. Pa tauni iliyonse padatseguka kachipinda kootchera nyimbo, ndipo chimbale chimene munthu adachivutikira chaka chathunthu chinkalowa pa memori khadi ndi ndalama yogulira mandasi, mwini wake osaona ngakhale tambala.

A Lucius adaona msanga kuti chimene wakuba sangathe kuotcha ndi munthu wamoyo ataima pansanja. Mu 1997 adayambitsa Zembani Band, ndipo bandiyi idayenda dziko lonse, m'maholo a m'tauni ndi m'mabwalo a m'maboma, sabata ndi sabata. Ndalama ya pakhomo ndiyo idasunga ntchito pamene ya makaseti idauma.

Koma Zembani idalinso sukulu. Oimba amene adadutsa m'manja mwa a Lucius kapena kuthandizidwa nawo ndi ambiri: Billy Kaunda, Mlaka Maliro, Charles Nsaku, Coss Chiwalo, Wendy Harawa, Emma Masauko, malemu Paul Chaphuka wa chimbale cha Ndichiritseni, ndi ena. Ena mwa iwo adakula n'kuyamba kupikisana nawo pamsika womwewo. Munthu wa mtima wochepa sakadalola zimenezo. Inu a kunyanja mukudziwa bwino za chilimira: siginala ndiye amapita patsogolo ndi nyali, ndipo usipa ukagwidwa dzina limatchuka ndi lake, koma khoka amakoka ndi anthu ambiri, ndipo siginala amene sagawa bwino mawa amapita yekha panyanja. Bandi imayenda chimodzimodzi. Woimba ng'oma, wa besi, wonyamula zokuzira mawu, onsewa ali ndi ana kunyumba. Kusunga bandi zaka zoposa 25 m'dziko ngati lathu ndi ntchito imene anthu saiombera m'manja, koma ndi gawo lalikulu la ngongole imene a Lucius adabweza.

Soja alowa m'chipani

Tsopano tifike pamene nkhani imavuta, chifukwa kuyamikira kokhakokha sikuphunzitsa munthu. A Lucius adalowa ndale. Adaimbira chipani cha UDF nyimbo ya kampeni ya "Yellow", ndipo mu 2004 adasankhidwa kukhala phungu wa kumpoto kwa Balaka. Si iwo okha padziko amene adayenda njira imeneyi. Youssou N'Dour wa ku Senegal adakhala nduna mu 2012, ndipo Bobi Wine wa ku Uganda adachoka pansanja ya nyimbo n'kukapikisana ndi a Museveni. Maganizo ake amamveka: ngati ndaimba za mavutowa zaka khumi osasintha kanthu, bwanji ndisalowe m'nyumba momwe amapangiramo malamulo?

Mtengo wake ndi wakuti woimba amakhala wa onse, pamene phungu amakhala wa chipani. Amene ankavina "Mabala" adali a zigawo zonse ndi zipani zonse. Soja atavala chikasu cha UDF, ena mwa iwo adayamba kufunsa kuti kodi akadzudzula, akuyankhulira amphawi kapena abwana ake? Funso limenelo lidawatsata mpaka kumapeto, ndipo lidali funso loyenera.

Ndale zidawalumanso. Mu Febuluwale 2005 Pulezidenti Bingu wa Mutharika adatuluka mu UDF n'kuyambitsa DPP. Chaka chomwecho a Lucius ndiwo adabweretsa ku Nyumba ya Malamulo ganizo lokhazikitsa ndondomeko yochotsera mtsogoleri wa dziko pampando. Posakhalitsa adamangidwa pa mlandu wogwiritsa ntchito satifiketi ya MSCE yachinyengo. Mu Ogasiti 2006 bwalo lidawapeza olakwa ndi kuwalamula kukhala m'ndende miyezi 21. Adataya mpando wawo, adalowa ndende ya Zomba, ndipo adatuluka mu Novembala chaka chomwecho atachita apilo. Ambiri adati mlanduwo udafukulidwa chifukwa cha ndale, ndipo nthawi imene udatulukira ikuwavomereza. Koma tisanamizane: mdani amafukula pamene pakwiriridwa kanthu. Inu amene mukufuna kudzudzula akuluakulu m'nyimbo zanu, yambani mwakonza mapepala anu, misonkho yanu ndi mbiri yanu, chifukwa tsiku lina zidzafufuzidwa.

Chimene a Lucius adachita ndi manyazi amenewo ndicho chikusonyeza luso lawo. Sadabisale. Adatenga nambala ya chipinda chimene adagonamo n'kuitcha dzina la chimbale, Cell 51 Maximum. Munthu amene ankaimbira amphawi ali panja tsopano adali atagona nawo pansi, atadya nawo mgaiwa wa kundende, ataona anthu okhala pa rimandi zaka osaweruzidwa. Mawu awo adalemera. M'zaka zomaliza za ulamuliro wa a Bingu, pamene mafuta ndi ndalama zakunja zidasowa ndipo anthu adaphedwa pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, nyimbo zawo zatsopano sizinkaloledwa pa wailesi ya boma. Anthu adazipeza ndithu, ndipo kuletsako kudangozitchukitsa.

Mu 2014 anthu a kumpoto kwa Balaka adawabwezera ku Nyumba ya Malamulo. Aphungu anzawo a UDF atasamukira ku mabenchi a boma, iwo adakana n'kutsala mbali yotsutsa. Mu 2018 adalowa UTM ya a Saulos Chilima, mu 2019 adagonja pa chisankho cha aphungu, ndipo boma la Tonse litalowa mu 2020 adasankhidwa kukhala mlangizi wa Pulezidenti Lazarus Chakwera pa za achinyamata ndi luso. Apanso anthu adang'ung'udza kuti zinthu zikukwera mtengo koma Soja ali chete. Ine sindiweruza mtima wa munthu amene panthawiyo adali akudwala kale. Ndingonena zimene mbiri yawo ikuonetsa: nyimbo zimene anthu amazikumbukira kwambiri ndi zimene adaimba ali kunja kwa mpanda wa boma.

Zimene adabweretsa pa gombe lino

Tibwere kwathu. Senga Bay ndi gombe loyandikira kwambiri likulu la dziko. Munthu amachoka ku Lilongwe m'mawa, nkhomaliro n'kudyera kuno akuyang'ana chilumba cha Namalenje. Mahotela adayamba kalekale kuno, ndipo ya Livingstonia Beach ndi imodzi mwa akale kwambiri m'mbali mwa nyanja. Chikondwerero cha Lake of Stars, chimene chidayambitsidwa ndi Will Jameson wa ku Britain ku Chintheche, chidachitikira pano mu 2008, ndipo chidaonetsa kuti nyimbo ndi nyanja zikaphatikizana zimakoka anthu ochokera kutali.

A Lucius adafunsa funso limene ena sadafunse: bwanji Mmalawi asakonze chake, choika oimba a kuno patsogolo ndi chokopa Amalawi eni ake? Mu 2010, kudzera mu kampani yawo ya Impakt Events, adayambitsa Sand Music Festival. Chikondwererochi chachitikapo ku Mangochi, koma zaka zambiri nyumba yake idali kuno ku Senga Bay. Busy Signal wa ku Jamaica, Diamond Platnumz wa ku Tanzania, Awilo Longomba wa ku Congo, anthu amene tinkangowaona pa kanema, adadzaimba m'mbali mwa nyanja yathu. Ndipo pa nsanja yomweyo padakwera oimba athu ambirimbiri, akale ndi atsopano, a rege, a nyimbo zauzimu, a nyimbo za achinyamata a m'tauni.

Ganizirani zimene zimafunika kuti masiku atatu otere atheke. Woimba wakunja amalipidwa ndi ndalama zakunja, m'dziko momwe madola amasowa. Pamafunika matikiti a ndege, zilolezo, nsanja, zokuzira mawu, majenereta, apolisi, makampani othandiza ndi ndalama. Mvula yoyamba kapena mphepo ya panyanja ikhoza kusokoneza zonse usiku umodzi. Wokonza amaika chuma chake pachiswe miyezi ingapo tikiti isadagulidwe ndi imodzi yomwe. Munthu amene akadatha kukhala phee n'kumadya za dzina lake adasankha mtolo umenewu chaka ndi chaka.

Phindu lake inu mukulidziwa kuposa ine. Sabata imeneyo zipinda zogona alendo zimadzaza kuyambira pa Salima mpaka kunyanja, ndipo ena amachititsa lendi nyumba zawo zomwe. Akabaza sagona. Amayi ootcha chambo, ogulitsa ziboliboli m'mbali mwa msewu, eni mabwato opita ndi alendo kuchilumba, onse amaona kusintha m'thumba. Chachikulu china n'chakuti Mmalawi wa ku Area 25 kapena ku Ndirande adaphunzira kuti nyanjayi si ya azungu okha, kuti naye angasunge ndalama n'kubwera kudzapuma.

Koma pakhale mafunso, chifukwa mwini wake adatiphunzitsa kufunsa. Mwa ndalama zimene zimalowa pa geti ndi m'mahotela, ndi zingati zimene zimagona m'midzi ya kwa Maganga? Mwana wa msodzi wa pa Nguwo amene ali ndi mawu abwino, kodi ali ndi njira yokwerera pa nsanja imeneyo, kapena amangomvera kunja kwa mpanda? Alendo akapita Lolemba, mabotolo ndi mapulasitiki amatola ndani? Nanga atsikana athu timawateteza bwanji pa masiku amene ndalama ndi mowa zimasefukira? Mafunso amenewa si onyoza malemu. Iwo adabweretsa msika pakhomo pathu. Kukambirana za mtengo ndi ntchito ya mafumu, makhansala ndi ife eni dera.

Matenda ndi imfa

Mu 2021 a Lucius adagonekedwa m'chipatala chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ndipo chaka chomwecho dziko lidauzidwa kuti impso zawo zasiya kugwira bwino ntchito. Sadabise matendawo. Adapitiriza kuimba pamene thupi lidalola, akuyendera makina osefa magazi. Adamwalira pa 30 Juni 2024 ku chipatala cha Sunninghill ku Johannesburg, ali ndi zaka 53, patangopita masiku 20 chichitikireni ngozi ya ndege ya ku Chikangawa imene idapha a Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu. Dziko limene lidali lisadapukute misozi lidalowanso m'maliro. Adaikidwa kwawo kwa Sosola, ndipo masiku amenewo nyimbo yawo ya "Mzimu wa Soldier", imene adaimba kalekale poganizira za imfa yawo yomwe, idamveka paliponse. Adasiya zimbale pafupifupi 20.

Pano pali phunziro limene si la oimba okha. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga ndizo zimawononga impso za anthu ambiri, ndipo zimagwira ntchito mwakachetechete zaka zambiri munthu akudziona wamphamvu. M'zipatala za boma makina osefa magazi ndi ochepa, ndipo odwala ambiri amadalira Kamuzu Central ku Lilongwe ndi Queens ku Blantyre. Ngati munthu wodziwika ndi dziko lonse adavutika chotere, msodzi kapena woimba gitala wa bandi ya pa hotela angatani? Kuyezetsa BP sikutenga nthawi, ndipo pa chipatala cha boma salipiritsa. Moyo wa woimba, wogona mochedwa, wodya za pamsewu, woyenda usiku, umafuna kuyezetsa kuposa wa wina aliyense.

Cholowa, ndi amene atsala ndi ngongole

Kodi woimba amasiya chiyani? Kutchuka pakokha sikudalirika. Taonani a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu: atapitirira zaka 90, nyimbo yawo ya "Linny Hoo" idazungulira dziko lapansi pa TikTok, anthu mamiliyoni ambiri akuivina m'maiko amene mwini wake sadawapondemo. Dzina lidafika kutali, koma ndalama yofanana ndi kutchukako sidabwere yokha. Taonaninso malemu Oliver Mtukudzi wa ku Zimbabwe, amene adamwalira mu Januwale 2019: kuwonjezera pa nyimbo adasiya Pakare Paye ku Norton, malo ophunzitsira achinyamata luso. Cholowa chimene chimakhalitsa ndi chimene ena angalowemo n'kugwiriramo ntchito mwini wake atapita.

Pa muyeso umenewu a Lucius adasiya zinthu zitatu. Adasiya chilolezo: pambuyo pa "Mabala", woimba wa ku Malawi adadziwa kuti angathe kuyang'ana boma m'maso, ndipo njira imeneyo adayendamo ena monga malemu Evison Matafale, amene adafera m'manja mwa apolisi mu Novembala 2001, kutikumbutsa kuti chilolezocho chili ndi mtengo wake. Adasiya anthu: oimba amene adawalera, amenenso akulera ena. Adasiya msika: chikondwerero chokonzedwa ndi Amalawi chimene chidatsimikiza kuti nyimbo ndi bizinesi yotha kudyetsa dera lonse. Kuwonjezera pa zitatuzi adasiya chenjezo limene sadalilembe koma moyo wawo udalilemba, lakuti mawu a woimba amalemera malinga ndi mtunda umene waima kuchokera pa tebulo la olamula.

Tsono ngongole yatembenuka. Ife amene tidavina nyimbo zawo zaka 30, ambiri mwa ife osalipira, ndife tili nayo. Inu oimba achinyamata, lembetsani nyimbo zanu ku COSOMA, musakwere pansanja popanda mgwirizano wolembedwa, phunzirani chida chimodzi mpaka muchidziwe bwino, ndipo muimbe za anthu amene mumadya nawo: za mitengo ya usipa, za madzi a nyanja amene adalowa m'nyumba za anthu, za mnzanu amene adapita ku Joni osabwerako. Inu aphunzitsi, nyimbo za m'ma 1990 ndi mbiri ya dziko lino. Ana azimve m'kalasi, azifunse chifukwa chake zidaimbidwa. Inu eni mahotela ndi malo achisangalalo, bandi ya kuno ilipidwe ngati antchito, osati ndi mbale ya chakudya ndi zikomo. Inu mafumu athu ndi akuluakulu a khonsolo, pamene okonza zikondwerero abwera kudzapempha malo, pemphani kuti ana a dera lino akhale ndi nthawi yawo pansanja, kuti amalonda a kuno apatsidwe malo ogulitsira, ndi kuti gombe lisiyidwe laukhondo. Ndipo pakati pa Salima ndi nyanja payenera kupezeka chipinda chimodzi chokhala ndi magitala, kiyibodi ndi mphunzitsi, chotsegula chaka chonse. Alleluya Band idayamba ndi zochepa kuposa zimenezo, ndipo idatulutsa Soja.